Amatha kukana, nanga kulembetsa? Mabungwe ndi malamulo aakulu a Malawi

Gawo 12 la malamulo aakulu oyendetsera dziko la Malawi limatsindika kuti mphamvu zolamulira zimachokera kwa anthu, ndipo amene ali pamipando adangozilandira kuti atumikire eni ake. Koma kuchokera pa chisankho china kufika pa chinzake pamadutsa zaka zisanu. M'zaka zimenezo, mlimi wa ku Nthalire kapena mayi wogulitsa usipa mumsika wa Limbe angalankhule bwanji aphungu akaganiza zosintha lamulo limene limateteza voti yake? Kuyambira 1992 dziko lino lakhala likudalira mipingo, mizikiti, mabungwe a maloya, a atolankhani, a amayi, a apantchito ndi omenyera ufulu wa anthu kuti azilankhula m'malo mwa anthu otere.

Tikayang'ana zaka zoposa 30 zimene zadutsa, chinthu chimodzi chikuoneka mobwerezabwereza. Mabungwewa amapambana akamaletsa choipa, koma amagonja kawirikawiri akamafuna kuti chabwino chilembedwe m'malamulo. Adathandiza kugwetsa ulamuliro wa chipani chimodzi, adatchinga teremu yachitatu, adaimirira pamene chisankho cha 2019 chidasokonekera. Koma zambiri zimene anthu akhala akupempha m'misonkhano yokonza malamulo zidakali m'malipoti. Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kuyenda nayo nkhaniyi kuyambira pachiyambi.

Adatsegula chitseko, n'kutsalira panja

Lamulungu la pa 8 Marichi 1992, m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya aepiskopi. Kalatayo idatchula poyera zimene anthu ankangonong'onezana kuseri: malipiro ochepa, kusiyana kwa olemera ndi osauka, kutsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, ndi mantha amene ankatseka aliyense pakamwa. Boma la Kamuzu Banda lidati kalatayo ndi youkira. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapitikitsidwa m'dziko, ndipo nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa. Pa 6 Epulo, Chakufwa Chihana, mtsogoleri wa mabungwe a apantchito, adamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe. Mu Meyi ogwira ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead mu Blantyre adanyanyala, ndipo kunyanyalako kudafalikira.

M'chaka chomwecho mudabadwa bungwe la Public Affairs Committee, lodziwika kuti PAC. Mudali Akatolika, Aangilikani, masinodi a CCAP a Blantyre ndi Livingstonia, bungwe la Asilamu, maloya a Malawi Law Society, amalonda, pamodzi ndi magulu a UDF ndi AFORD amene nthawiyo adali asadakhale zipani zovomerezeka. PAC ndiyo idakhala pansi ndi komiti ya nduna za boma kukambirana za tsogolo la dziko. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali, chizindikiro cha zipani zambiri.

Apa ndi pamene padachitika chinthu chimene chatisautsa mpaka lero. Riferendamu itatha, ntchito yolemba malamulo atsopano idapita m'manja mwa National Consultative Council, momwe mudali nthumwi za zipani. Abusa, mashehe ndi maloya amene adatsegula chitseko adabwerera kumaguwa ndi kumaofesi awo, andale n'kutsala ndi cholembera. Malamulowo adalembedwa mwachangu m'miyezi yochepa, Nyumba ya Malamulo n'kuwavomereza pa 16 Meyi 1994, kutangotsala tsiku limodzi kuti anthu avote. Poona kuti anthu sadafunsidwe mokwanira, padagwirizanidwa kuti malamulowo agwire ntchito mongoyembekezera kwa chaka chimodzi, pamene maganizo a Amalawi akusonkhanitsidwa.

Msonkhano waukulu womva maganizowo udachitika ku Lilongwe mu Febuluwale 1995, ndipo kudafika mafumu, azipembedzo, mabungwe ndi zipani. Nthumwi zidafuna kuti gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wosagwira ntchito nthawi yake isanathe, lisachoke. Zidafuna kuti nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Seneti, ikhalepo. Zidakananso udindo wa wachiwiri kwa wachiwiri wa pulezidenti, umene udakhazikitsidwa Bakili Muluzi atagwirizana ndi Chihana. Nkhani itafika ku Nyumba ya Malamulo, aphungu adachotsa gawo 64, n'kusunga udindo umene anthu adaukana. Seneti idaimikidwa kaye, ndipo mu 2001 idafafanizidwa isanakhaleko pansi ngakhale tsiku limodzi.

Kutayika kwa Seneti kudali kwakukulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Mwa mipando yake 80, ina idali ya mafumu ndi oimira maboma, ndipo 32 idali ya magulu monga amayi, anthu aulumali, alimi, amalonda, apantchito, azaumoyo, azamaphunziro ndi azipembedzo. Iyi ndiyo idali njira yokhayo imene malamulo adaikira magulu a anthu wamba mpando m'kati mwenimweni mwa nyumba yopanga malamulo. Itachoka, mabungwe adatsala ndi njira zitatu: kupempha, kusuma kukhoti, kapena kupita pamsewu.

Chipata chomaliza chili ndi ndani

Malamulo athu aakulu amasinthidwa m'njira ziwiri. Gawo 196 limati zigawo zotetezedwa mwapadera, monga za ufulu wachibadwidwe ndi mfundo zikuluzikulu za dziko, zisinthidwe anthu atavomereza pa riferendamu, pokhapokha ngati kusinthako sikukukhudza tanthauzo lake. Gawo 197 limati zina zonse zikhoza kusinthidwa ngati aphungu awiri mwa atatu alionse agwirizana. Palibe njira yoti nzika zisonkhanitse masiginecha n'kukakamiza kuti nkhani yakutiyakuti ikambidwe kapena ipite ku riferendamu. Kuitanitsa riferendamu ndi mphamvu ya pulezidenti.

Ndondomeko imeneyi ndiyo ikufotokoza mbiri yonse ya mabungwe athu. Kuti uletse kusintha koipa, umangofunika kukopa aphungu opitirira pang'ono gawo limodzi mwa atatu kuti akane. Kuti ubweretse kusintha kwabwino, umafunika boma livomere kubweretsa bilu, kenaka aphungu awiri mwa atatu aikonde, ndipo nthawi zambiri biluyo imakhala yochepetsa mphamvu za anthu omwewo. Pabwalo la kumudzi, munthu saweruza mlandu umene iye mwini ali wodandaulidwa. Koma pa nkhani yochotsa phungu, yoyendayenda m'zipani, kapena yochepetsa mphamvu za pulezidenti, woimbidwa mlandu ndi yemweyo amene wagwira ndodo ya chiweruzo.

Teremu yachitatu: mphamvu ya kukana

Zaka za 2001 mpaka 2003 zidaonetsa mabungwe ali pa mphamvu zawo zonse. Gawo 83 limalola pulezidenti kulamulira materemu awiri otsatizana basi, ndipo otsatira Muluzi adafuna kuti malirewo achoke. Masinodi a CCAP adalemba makalata, aepiskopi adalankhula, maloya ndi ophunzira a m'makoleji adalowapo, ndipo padapangidwa mgwirizano wa Forum for the Defence of the Constitution. Amalawi adali ataona zomwe zidachitika ku Zambia mu 2001, kumene mipingo, maloya ndi mabungwe a amayi adagwirizana mu Oasis Forum n'kulepheretsa Frederick Chiluba kuchita zomwezo.

Boma silidangokhala. Pulezidenti adaletsa zionetsero zokhudza nkhaniyi, ndipo mabungwe adakatsutsa chiletsocho kukhoti. Anyamata a chipani cholamula ankaopseza ndi kumenya otsutsa. Gawo 65, lokhudza aphungu oyendayenda m'zipani, lidali litakulitsidwa mu 2001 kuti phungu azitaya mpando ngakhale atangolowa bungwe lokhala ndi zolinga zandale, ndipo aliyense adadziwa kuti ofunidwa adali phungu Brown Mpinganjira ndi anzake a gulu landale la NDA. PAC idasuma, ndipo mu 2003 bwalo lalikulu lidagamula kuti kukulitsako kukuphwanya ufulu wosonkhana ndi ufulu wandale.

Pa 4 Julayi 2002 bilu yochotsa malire a materemu, imene adabweretsa phungu wa AFORD Khwauli Msiska, idavoteredwa. Atsogoleri otsutsa Chihana ndi John Tembo adali kumbali ya boma. Biluyo idapeza mavoti 125, n'kuperewera atatu okha. Kumayambiriro kwa 2003 idabweranso ngati bilu ya teremu yachitatu, koma boma litaona kuti manambala sakukwana lidaibweza. Mavoti atatu ndi ochepa kwambiri, ndipo n'zovuta kukhulupirira kuti aphungu okanawo akadalimba mtima chotero pakadapanda maulaliki, makalata ndi milandu imene idawatsimikizira kuti anthu ali pambuyo pawo.

Malipoti ogona m'kabati

Chipambano chimenecho chitadutsa, padabwera mwayi wokonza malamulo modekha. Bungwe lounika malamulo la Law Commission lidayendera zigawo zonse za dziko, lidalandira makalata, lidachititsa misonkhano iwiri ya dziko lonse mu 2006 ndi 2007, ndipo komishoni yapadera idatulutsa lipoti lake mu 2007. Mabungwe adagwirapo ntchito yaikulu. Nkhani zimene zidatuluka zidali zodziwika kale: kubwezeretsa mphamvu yochotsa phungu, Seneti, kuchepetsa mphamvu za pulezidenti posankha akuluakulu a nthambi za boma, ndi kuti wopambana upulezidenti azipeza mavoti oposa theka. Lipotilo lidaperekedwa ku boma, ndipo mfundo zake zikuluzikulu sizidafike pokambidwa ndi aphungu monga mtolo umodzi. Palibe lamulo limene lidakakamiza nduna kuti zilibweretse, ndipo palibe tsiku limene lidaikidwa.

Nthawi yomweyo mabungwe adagawanika pa gawo 65. Bingu wa Mutharika adachoka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu ambiri adamutsatira. Mu 2007 bwalo la Supreme lidatsimikiza kuti gawo 65 ndi lovomerezeka. Otsutsa boma adati sakambirana bajeti mpaka Sipikala achotse oyendayendawo. Mabungwe ena, mafumu ndi ophunzira adaima pa mfundo yakuti bajeti iyambe, poganizira mankhwala m'zipatala ndi makuponi a feteleza. Ena adati lamulo ndi lamulo. Bajeti idadutsa, gawo 65 silidagwiritsidwe ntchito, ndipo andale adaphunzira kuti gawo la malamulo aakulu likhoza kungonyalanyazidwa popanda kulifafaniza. Zomwezo zidachitika ndi makhansala: dziko lidavotera makhansala mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 lidakhala opanda makhansala mpaka 2014.

Nkhani ya mavoti oposa theka ikuonetsa bwino kutalika kwa ulendowu. Mu 2000 bwalo la Supreme, pa mlandu wa Gwanda Chakuamba, lidamasulira gawo 80 kuti wopambana ndi amene wangoposa anzake. Bingu mu 2004 ndi Peter Mutharika mu 2014 adalowa m'boma ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse. Chisankho cha 2014 chitatha, mabungwe oona zachisankho adayambitsanso zokambirana, ndipo komishoni yapadera yotsogozedwa ndi Jaji Anthony Kamanga idalimbikitsa zomwe anthu adazitcha 50+1. PAC idaopseza zionetsero za dziko lonse mu Disembala 2017 ngati mabilu sabwera. Boma lidawabweretsa, PAC idaimitsa zionetserozo, ndipo aphungu adawakana mabiluwo m'masiku ochepa. Zaka zitatu za misonkhano zidathera pomwepo.

Msewu ndi khoti

Pamene chipata cha Nyumba ya Malamulo chatsekeka, anthu amapita pamsewu, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Pa 20 Julayi 2011 mabungwe adatsogolera zionetsero zodandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto ndi ndalama zakunja, komanso malamulo atsopano opatsa nduna mphamvu yotseka nyuzipepala ndi ovutitsa kutenga chiletso chotsutsa boma kukhoti. Apolisi adawombera, ndipo anthu pafupifupi 20 adafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mu Marichi 2012 msonkhano wa PAC udapempha Bingu kuti atule pansi udindo kapena aitanitse riferendamu. Iye atamwalira pa 5 Epulo, nduna zina zidafuna kulambalala wachiwiri wake Joyce Banda, koma maloya, mabungwe, azipembedzo ndi akuluakulu a asilikali adaima pa zimene gawo 83 limanena, ndipo pa 7 Epulo adalumbiritsidwa.

Chisankho cha pa 21 Meyi 2019 chidabweretsa mademo aakulu kuposa onse. Bungwe la Human Rights Defenders Coalition, motsogozedwa ndi Timothy Mtambo ndi Gift Trapence, lidakhala pamsewu miyezi yambiri likufuna kuti wapampando wa bungwe loyendetsa chisankho, Jane Ansah, atule pansi udindo chifukwa cha mapepala a zotsatira ofufutidwa ndi Tipp-Ex. Amene adali m'mizinda masiku amenewo akukumbukira mmene tsiku la mademo linkakhalira: masitolo otseka kuyambira m'mawa, maminibasi osayenda, asilikali a Malawi Defence Force akuyenda m'mbali mwa khamu, utsi wokhetsa misozi, ndipo pamapeto chikalata cha madandaulo chikuwerengedwa pakhomo la ofesi ya boma. Masana anthu ankaunjikana pa wailesi, m'magolosale ndi pamalo okwerera kabaza, kumvetsera mlandu wa chisankho umene unkaulutsidwa ndi kumasuliridwa m'Chichewa. Kwa nthawi yoyamba anthu wamba ambiri adamva maloya akutsutsana pa zigawo za malamulo aakulu m'chilankhulo chimene amachimva.

Pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Dingiswayo Madise, Mike Tembo ndi Redson Kapindu, adafafaniza chisankho cha pulezidenti, n'kugamulanso kuti gawo 80 limatanthauza mavoti oposa theka. Bwalo la Supreme lidagwirizana nawo pa 8 Meyi, ndipo pa 23 Juni Lazarus Chakwera adapambana chisankho chobwereza. Chimene mabungwe adalephera kupeza kwa aphungu kwa zaka zoposa khumi chidabwera kudzera kwa majaji, ndipo aphungu adachilemba m'malamulo pambuyo pake.

Tisaiwale kuti mlanduwo adasuma ndi andale, Saulos Chilima ndi Chakwera. Ntchito ya mabungwe idali kuonetsetsa kuti nkhaniyo isazizire ndiponso kuti chigamulo chikatuluka chilemekezedwe. Tisaiwalenso zowawa zake. Katundu wa anthu osalakwa adabedwa ndi kutenthedwa pa mademo ena. Ku Msundwe wapolisi adaphedwa mu Okutobala 2019, ndipo apolisi atapita kumeneko amayi ndi atsikana adachitidwa nkhanza zogonana. Bungwe la maloya achizimayi la Women Lawyers Association ndilo lidawanyamulira mlandu, mpaka bwalo lalikulu lidalamula mu 2020 kuti amayi 18 alandire chipukutamisozi. Msewu ndi khoti zimathandiza pa nthawi ya ngozi, koma dziko silingamakonze malamulo ake ndi maliro kapena kudikira kuti majaji achite zimene aphungu akukana.

Pamene zidatheka

Pali nkhani ziwiri zimene zikusonyeza kuti kulembetsa chabwino n'kotheka. Yoyamba ndi ya maukwati a ana. Malamulo aakulu ankati mwana ndi wosakwana zaka 16, ndipo ankalola wazaka 15 mpaka 18 kukwatiwa makolo akavomera. Lamulo la maukwati la 2015 lidaika zaka 18, koma lamulo laling'ono silingapose lalikulu. Mabungwe a amayi ndi a achinyamata, atsikana eni ake, aphungu achizimayi ndi mafumu monga Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza, imene idathetsa maukwati a ana ambirimbiri m'dera lake, adakankha limodzi mpaka mu Febuluwale 2017 aphungu adasintha malamulo aakulu kuti mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18.

Yachiwiri ndi ya ufulu wopeza nkhani za boma, umene uli m'gawo 37. Atolankhani kudzera mu MISA Malawi adaumenyera zaka zoposa khumi, maboma akusinthana. Aphungu adavomereza lamulolo mu Disembala 2016, ndipo lidayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020.

Pa nkhani zonse ziwiri, pempho lidali limodzi ndi lomveka kwa aliyense. Omenyera adali ndi anzawo m'kati mwa Nyumba ya Malamulo ndi m'midzi momwe, ndipo sadaleke pamene nyuzipepala zidasiya kulemba. Koma tivomerezenso kuti kusintha msinkhu wa mwana sikudaopseze mpando wa phungu aliyense. Pamene mpando ukukhudzidwa, khama lokha silikwanira.

Mafunso amene mabungwe ayenera kuyankha

Andale akapanikizika amakonda kufunsa kuti, "Inu adakusankhani ndani?" Funsoli nthawi zambiri limakhala lothawira nkhani, chifukwa gawo 38 ndi gawo 40 amapatsa nzika iliyonse ufulu wosonkhana, wochita zionetsero ndi wotenga mbali pa ndale popanda kuyamba yavoteredwa. Komabe muli choonadi chimene sitiyenera kuchizemba. Amalawi oposa 80 pa 100 alionse amakhala kumidzi, pamene mabungwe ambiri olankhula za malamulo ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Ena alibe mamembala olipira chopereka amene angaitane mtsogoleri n'kumufunsa. Ali ndi dayilekitala, bodi ndi wopereka thandizo wakunja, ndipo ntchito yawo imatha pamene pulojekiti yatha.

Tonse tikudziwa mmene msonkhano wofunsa maganizo a anthu umayendera nthawi zambiri. Umachitikira mu hotela ya kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima. Mfumu yaikulu imakhala kutsogolo, mlangizi amaonetsa zolemba za Chingerezi pakhoma, anthu amagawidwa m'magulu n'kulemba pa mapepala aakulu, ndipo madzulo pamakhala mzere wosainira alawansi. Obwera ndi omwe aja adabwera ku msonkhano wa mwezi watha. Nyakwawa ya ku Chikwawa, mphunzitsi wa ku Chitipa ndi wachinyamata wa kabaza ku Mchinji samva n'komwe kuti adafunsidwa. Chingerezi chatchinga pena paliponse, mpaka gawo 51 limafuna kuti munthu azilankhula ndi kuwerenga Chingerezi kuti akhale phungu. Malamulo amene anthu sadawamve m'chilankhulo chawo, n'kovuta kuti awateteze.

Vuto lina ndi la mipando. Boma likasintha, ena mwa amene adali patsogolo pa mademo amapatsidwa unduna, ukazembe kapena ulangizi ku nyumba ya boma. Zidachitika mu 2012, ndipo mu 2020 Mtambo adakhala nduna. Munthu ali ndi ufulu wolowa ndale, koma zikachitika motsatizana anthu amayamba kuona zionetsero ngati makwerero, ndipo bungwe lotsala limavutika kudzudzula boma limene muli anzake. Malonjezo a 2020 ochepetsa mphamvu za pulezidenti sadakwaniritsidwe, ndipo phokoso lowakumbutsa lidali lochepa poyerekeza ndi la 2019. Pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 anthu adabwezera Peter Mutharika pampando ndi mavoti oposa theka, wachiwiri wake ali Jane Ansah. Izi zikutikumbutsa kuti mawu a pamsewu si mawu a dziko lonse, ndipo bungwe lofuna kulankhulira anthu liyenera kubwerera kwa iwo kawirikawiri kukamva zimene zikuwawawa.

Nalonso boma lili ndi mlandu wake. Lamulo la mabungwe omwe si aboma la 2001, ndi kusinthidwa kwake mu 2022, adabweretsa kulembetsa mokakamiza, malipiro ndi zilango. Kufuna kuti mabungwe aziulula ndalama zawo n'koyenera, koma mphamvu yolembetsa ndi kufafaniza ikakhala pafupi ndi andale imasanduka chikwapu. Chipani chilichonse chimakonda mabungwe chikakhala kotsutsa, n'kuyamba kuwaona ngati adani chikalowa m'boma.

Chimene chiyenera kusintha

Phunziro lalikulu la 1995, 2007 ndi 2017 ndi lakuti mabungwe akhala akulimbana kwambiri pa zimene ziyenera kulembedwa, osayamba alimbana pa njira imene zolembedwazo zidzadutse. Asanavomere kulowanso msonkhano wina wokonza malamulo, ayenera kufuna lamulo la Nyumba ya Malamulo lofotokoza ndondomeko yonse: amene adzasonkhanitse maganizo, masiku amene nduna ziyenera kukhala zitabweretsa bilu, malire a zimene aphungu angasinthe, ndi kuti mawu omaliza adzakhala a anthu pa riferendamu. Kenya idachita chotero ndi lamulo la 2008, ndipo mu Ogasiti 2010 anthu adavomereza malamulo atsopano ngakhale andale ena otchuka ankawakana. Nkhani zokhudza mipando ya aphungu ndi ya pulezidenti, monga kuchotsa phungu, gawo 65 ndi mphamvu zosankha akuluakulu a nthambi zoyang'anira boma, ndizo zoyenera kwambiri kupita kwa anthu mwachindunji. Ndi bwinonso kumenyera kuti nzika zikhale ndi njira yoyambitsa zosintha pogwiritsa ntchito masiginecha.

Chachiwiri ndi kubweretsa malamulowa kumudzi m'zaka zabata, osadikira chisankho. Zida zake zilipo kale: mawailesi a m'madera, maofesi a bungwe lophunzitsa anthu za demokalase la NICE m'maboma, makomiti a Chilungamo ndi Mtendere m'maparishi, mabungwe a amayi m'mipingo ndi m'mizikiti, makalabu a alimi, mabanki a m'mudzi ndi makomiti a chitukuko. Mlandu wa chisankho udaonetsa kuti anthu amatsatira nkhani za malamulo mwachidwi zikafotokozedwa m'Chichewa, ndipo n'chimodzimodzi m'Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi zilankhulo zina. Phungu amaopa kwambiri funso lochokera kwa anthu a m'dera lake pa msonkhano wa pansi pa mtengo kusiyana ndi chikalata cha atolankhani chowerengedwa mu hotela.

Chachitatu chili m'manja mwa mabungwe eni ake. Aziulula poyera komwe ndalama zawo zimachokera asanakakamizidwe, azikhala ndi mamembala enieni amene amasankha atsogoleri, ndipo agwirizane kuti amene watsogolera nkhondo yolimbana ndi boma lina asalandire udindo m'boma lolowa m'malo mpaka padutse nthawi. Asankhenso mfundo ziwiri kapena zitatu zoti aime nazo zaka zambiri, osasintha nyimbo chifukwa chakuti pampando pakhala mnzawo.

Malawi ali ndi ngongole kwa abusa, mashehe, maloya, atolankhani, amayi ndi achinyamata amene adaika moyo pachiswe poteteza malamulo aakulu, ndipo ena adafa. Njira yoyenera yowalemekezera ndi kumaliza ntchito imene idasiyidwa mu 1995, kuti anthu akafunsidwa maganizo pa malamulo awo, pakhale lamulo lokakamiza olamula kuchitapo kanthu pa zimene anthuwo anena.